Buluku Lokana Kuwola

Ine ndinabadwira kwa Chapananga, kumene madzi tinkachita kuwafukula mumchenga, ndipo munthu ankatha chaka chathunthu mwendo wake osanyowa kupitirira mu akakolo. Ndiye nditakwatiwa kwa Mlolo, kubanja la Asena, chilichonse chinkandidabwitsa. Kumeneko madzi sachita kuwafuna. Amabwera okha mpaka pakhomo, ndipo chaka china amalowa m'nyumba osaodira n'komwe.

Amuna anga ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe, m'gulu la ozimitsa moto. Paja nzimbe amayamba azitentha asanazidule, ndiye moto ukalumpha malire, iwo ndi anzawo ndiwo ankauthamangira. Kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo, choncho ine ndinkakhala ndi apongozi anga. Apongozi aamuna anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wokonda kukhala pansi pa mtengo wa bwemba n'kumasoka ukonde umene sindinauonepo ukulowa m'madzi. Apongozi aakazi anali aatali, ojintcha, a mawu ngati ng'oma. Anabadwira kutsidya kwa malire, ndipo akakwiya Chimang'anja chinkawathawa m'kamwa n'kutsala Chisena chokhachokha.

Tsiku lina amuna anga anabwera ndi kamtolo atamangirira pakaliyala wa njinga. Anati kuntchito alandira zovala zatsopano, ndipo akapitawo awalola kutenga zakale. Jasi anatenga mnzawo, iwo n'kupeza buluku. Linali lachikasu, lokhuthala ngati chikopa cha ng'ombe, lokhala ndi malamba okoleka m'mapewa. Anatiitana tonse pabwalo, naliyala pamphasa, n'kulithira madzi. Madziwo sanalowe. Anangoundana timibulu n'kumagubuduka ngati patsamba la koko. Kenaka anadonthezapo mafuta ophikira, nawonso anangotsetsereka n'kugwera pamphasa.

“Mafuta anga!” anakuwa apongozi aakazi. “Ukufuna kutionetsa matsenga, uzionetsa ndi mafuta ako.”

Apongozi aamuna analiyesa. Linawafika m'khwapa, ndipo kumapazi kunatsala nsalu yokwana kuvala mwana. Anayenda pang'ono, bulukulo n'kumalira kuti khwacha khwacha, mpaka galu wathu anathawira kuseri kwa nkhokwe. Anavula n'kunena kuti munthu wamkulu sangamayende ngati thumba la feteleza. Tinalikoleka kuphaso, amuna anga n'kubwerera kuntchito, ndipo tinaliiwala.

Chaka chimenecho mapira sanachite bwino, choncho amayi ambiri tinkapita kudambo kukazula nyika, tija timizu ta maluwa a m'madzi timene timapulumutsa anthu akuchigwa pa nthawi ya njala. Kuzula nyika kumafuna kulowa m'madzi mpaka m'chiuno, n'kumafufuza m'matope ndi zala za kumapazi. Apongozi anga aakazi sankaopa njoka, ng'ona ankaitukwana ngati mwana wa mnansi, koma misundu inkawathetsa nzeru. Ukangowamata umodzi pakatumba, mayi wamkuluyo ankalumphalumpha ngati mtsikana, akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale.

M'mawa wina tikupita kudambo, ine patsogolo iwo pambuyo, ndinamva khwacha khwacha. Ndikaima, phokoso limaima. Ndikayenda, limayambanso. Nditacheuka ndinaona apongozi atamanga nsalu ziwiri, ina pamwamba pa inzake, zofika mpaka kumapazi, nkhope ili gwaa ngati akupita kumaliro.

“Amayi, kodi mwavala chiyani?”

“Ninji?” anafunsa m'Chisena.

“Chikulirachi.”

“Nkhabe chinthu, palibe chilichonse. Ndi mawondo. Ndakalamba ine.”

Ana a masiku ano sangamvetse chimene chinandichititsa mantha. Nthawi imeneyo munthu wamkazi sankaloledwa kuvala buluku, ngakhale diresi loonetsa mawondo. Linali lamulo lenileni. Achinyamata a chipani, amene ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi, ankayang'ananso zovala, ndipo mkazi wopezeka ndi buluku akanatha kukagona kupolisi. Ndiye apa panali apongozi anga, mayi wa mvano kutchalitchi, wovina patsogolo pamisonkhano ya chipani, atavala buluku la ozimitsa moto mkati mwa nsalu.

Titafika kudambo anayang'ana uku ndi uku, napinda nsalu zija m'chiuno, namanga miyendo ya buluku mu akakolo ndi mlaza, n'kulowa m'madzi ngati mvuu yachikasu. Amayi amene tinawapeza kumeneko anasiya kuzula n'kumangoyang'ana. Dzuwa litakwera tinatuluka. Tonsefe tinali ndi misundu, wina itatu wina yosawerengeka, tikuichotsa ndi fodya. Apongozi anamasula mlaza uja, nakweza mwendo kuti aliyense aone. Panalibe ngakhale umodzi.

“Pyadidi,” anatero m'Chisena, kutanthauza kuti zili bwino, akumwetulira ngati awina mlandu.

Sabata isanathe, amayi anayamba kubwera kwathu madzulo dzuwa likupendeka, aliyense ndi dengu lovundikira. Wina amati wabwera kudzapempha moto, wina mchere, koma pochoka dengu limakhala litalemera. Bulukulo linazungulira mudzi wonse. Wamfupi ankalipinda, wonenepa ankasiya malamba ali lende. Ngakhale akazi a atcheya a nthambi ya chipani m'mudzi mwathu anabwera, nanong'oneza kuti iwo akungofuna kuliona kuti adziwe choipa chimene ayenera kuletsa. Anakaliona masiku angapo.

Nanenso ndinalivala kamodzi. Chimene amayi aja sankanena n'chakuti chinthu chokana kulowetsa madzi chimakananso kuwatulutsa. Kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa. Thukuta lonse linkatsikira kumiyendo n'kukaima pamene pamangidwa mlaza, moti pomasula pankatuluka madzi okwana kuthirira phando la maungu. Ndinatuluka m'dambo wopanda msundu, koma wonyowa kuposa amene analowa ndi nsalu yokha.

Zinayenda choncho mpaka tsiku limene atcheya anaima pakhomo pathu. Anali munthu wofatsa, wachibwibwi pang'ono, amene udindowo anaupeza chifukwa anali yekha wokhala ndi wailesi. Anapatsana moni ndi apongozi aamuna, nafunsa za ukonde, nafunsa za mbuzi, kenaka anayang'ana kumwamba kwa bwemba ngati akuwerenga zipatso.

“Kwabwera kachilombo m'mudzi muno,” anatero. “Kamalira m'mamawa panjira ya kudambo. Khwacha khwacha. Tsiku lina kamatulukira uku, tsiku lina uko. Tsopano kukubwera alendo ochokera kuboma kudzachititsa msonkhano, ndipo abwera ndi anyamata awo. Ndikanakonda kachilomboko katafa alendowo asanafike.”

Apongozi aamuna anavomereza kuti tizilombo tachuluka chaka chino. Apongozi aakazi, amene ankamvetsera ali m'khitchini, anagwetsa chipande.

Atcheya atangopotoloka, apongozi aakazi anandikokera m'khitchini, natseka chitseko, nasonkhezera moto ndi nkhuni za mtsanya, n'kuponyapo buluku lija. Ine ndinayesa kunena kuti, “Amayi, pajatu ndi la ozimitsa moto,” koma anandiyang'ana mwakuti mawu otsalawo ndinameza. Bulukulo linangokhala pamoto phee, ngati mlendo amene akudikira chakudya. Patapita nthawi mwendo umodzi unayamba kuda kunsonga n'kutulutsa utsi wa fungo loipa limene sindinalimvepo, wolasa pakhosi ngati tsabola. Tinatuluka tikutsokomola, misozi ili mbwee. Tambala wathu, amene anali atabisala kuseri kwa mtsuko, anatuluka pambuyo pathu akudzandira ngati wochokera ku kachasu, nazungulira kawiri, n'kugwa chagada. Anadzuka ndithu, koma kuyambira tsiku limenelo kulira kwake kunali kwa chitseko chadzimbiri, ndipo misoti inasiya kumulemekeza.

Buluku lija tinaliphula pamoto ndi mpini wa khasu. Kupatula kunsonga kuja, linali bwinobwino.

“Moto walephera,” anatero apongozi akupukuta m'maso. “Koma chiswe cha pano sichinalepherepo.”

Apa ankanena zoona. Chiswe cha kwa Mlolo chinadya chitseko chathu, chinadya mpando wa abusa, chinadyanso nsapato za amuna anga za ukwati n'kusiya misomali yokha. Kuseri kwa nyumba kunali chulu chachikulu. Tinakulunga bulukulo m'mphasa yakutha, tinakumba m'mbali mwa chulu, n'kulikwirira. Apongozi anathirapo madzi ndi gaga kuti chiswe chibwere ndi njala, ndipo pochoka anachiuza kuti, “Takhuta,” ngati munthu wothokozeratu aganyu.

Msonkhano uja unachitika. Tinavina, tinaimba, alendo anadya mbuzi n'kupita, ndipo palibe chinalira khwacha. Amayi a m'mudzi anabwerera ku misundu yawo. Ena ankatinyogodola kuti tawononga chinthu cha mudzi wonse popanda kufunsa.

Mvula itafika pachimake, madzi anasefukira monga mwa chizolowezi chake, nafika mpaka kuseri kwa nyumba, n'kugumula mbali imodzi ya chulu chija. Ataphwera, ndinapita kukaona ngati chimbudzi chathu chapulumuka. Ndinangoona chinthu chachikasu chili pamatope, miyendo ili tambalale, ngati munthu amene akuwothera dzuwa. Mphasa ija chiswe chinadya yonse osasiya ndi kachingwe komwe. Bulukulo sichinalilume ngakhale pamodzi. Matope amene anali pamwamba pake ndinangowakhudza ndi chala, n'kuyoyoka onse.

Apongozi atabwera anaima patali, manja ali m'chiuno.

“Mwananga,” anatero kenaka, motsitsa mawu, “mvuu ikafa imawola. Mlambe ukagwa umawola. Mfumu imawola, m'busa amawola. Ichi n'chiyani chimene nthaka ikuchikana?”

“Mwina chikufuna nthawi, amayi.”

“Nthawi yanji? Chiswe chadya mphasa n'kuchilambalala ngati mpongozi wake!”

Kuyambira pamenepo sankaliopanso chifukwa cha chipani chokha. Ankaliopa lenilenilo. Anakana kuti lilowenso m'nyumba, ndipo m'mawa mwake analinyamula ndi ndodo, ine ndikutsatira ndi dengu lonamizira kukachapa, mpaka kumtsinje, kumtunda kwa dooko. Anamanganso miyendo ndi mlaza kuti likhale ngati thumba, naikamo mwala, n'kuliponya pakati pa madzi. Linamira. Apongozi anasasa m'manja, ndipo pobwerera ankaimba nyimbo ya kwaya.

Tisanafike n'komwe kunyumba tinamva mfuu kudooko. Mwala uja unali utagwa, mpweya n'kudzaza m'miyendo, bulukulo n'kuvuuka chadodolido, miyendo iwiri yonenepa italoza kumwamba, ikuyenda pang'onopang'ono ndi madzi. Asodzi amene ankakonza mabwato ataona anakuwa kuti ng'ona yadya munthu n'kusiya miyendo.

Mudzi wonse unathamangira kumeneko, ifenso tinapita, chifukwa kusapita kukanationetsa. Tinapeza maliro atayamba kale. Aliyense ankayang'ana m'khamulo kuti aone amene palibe. Mayi wina, amene mwamuna wake sanagone pakhomo, anadzigwetsa pamchenga n'kumagubuduka, akulira kuti miyendo imeneyo akuidziwa, ndi ya bambo a ana ake, anali munthu wabwino ngakhale ankamwa. Ali mkati molira, mwamunayo anatulukira kuchokera kumene anagona kumowa, naona mkazi wake ali pansi, nayenso n'kuyamba kulira mokweza. Analira ndithu kwa kanthawi asanagwire munthu wina paphewa n'kufunsa kuti, “Kodi watisiya ndani?”

“Inuyo,” anayankha munthuyo.

Bamboyo anakhala pansi n'kudzigwiragwira miyendo.

Asodzi awiri olimba mtima anapalasa bwato, nakola chinthucho ndi mponda, ndodo yaitali yoyendetsera bwato, n'kuchikokera kumtunda. Chitagunda mchenga chinaphwetsa mpweya kuti fwuu, amayi n'kubalalika. Atcheya ndiwo anachitola, nachitukula m'mwamba ndi malamba ake. Madzi anagubuduka n'kugwa, ndipo buluku linaima pamaso pa mudzi wonse lili louma, lowala, ngati latsopano.

Anyamata awiri a chipani a m'mudzi wapafupi anali pomwepo, atabwera kudzagula nsomba. Choncho atcheya sakanachitira mwina koma kufunsa.

“Bu-buluku ili ndi la ndani?”

Sindinaonepo amayi ambiri chonchija akuyang'ana zala za kumapazi nthawi imodzi. Pafupifupi aliyense pamenepo anali atatulutsirapo thukuta m'buluku limenelo. Apongozi aakazi, mayi wotukwana ng'ona, nawonso anazolika.

“Ndi langa.”

Anali apongozi aamuna. Anatuluka m'khamulo pang'onopang'ono, ukonde wawo uli paphewa. Anafotokoza kuti anawapatsa ndi mwana wawo wa kunzimbe, ndipo amavala akamapita kokawedza, koma dzulo analichapa n'kuliyanika pabango, mphepo n'kuliulutsa. Anthu anayang'anana, chifukwa panalibe amene ankakumbukira chaka chimene bambowa anawedzako.

“Ngati ndi lanu, madala, tavalani tione,” anatero mmodzi wa anyamata aja.

Apongozi analowamo. Linawafika m'khwapa monga kale, ndipo malamba anawasokoneza. Anakoleka lina m'khosi, lina linapita kumsana n'kukana kubwerera, iwo n'kumazungulira kulisaka ngati galu wothamangitsa mchira wake. Pamenepo akazi a atcheya analephera kupirira.

“Iyayi, bambo, mwapotoza,” anatero akuyandikira. “Ili limadutsa kumbuyo chopingasa, kenaka mumakoka apa, n'kukanikiza kachitsuloka mpaka kalire. Mukapanda kutero limavuka mukawerama.”

Manja awo anagwira ntchitoyo mwachangu ngati akumanga mwana kumbuyo. Kachitsulo kanalira kuti thwa. Ndiye anazindikira kuti padooko ponse pali zii, ndipo amuna awo akuwayang'ana.

Atcheya anatsokomola. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana anyamata aja, kenaka anakweza dzanja n'kulengeza kuti nkhani yatha: buluku ndi la mwamuna, lavalidwa ndi mwamuna, ndipo mkazi wawo ndi munthu wanzeru chibadwire, amatha kumvetsa zinthu pongoziona. Anatchula dzina la chipani mokweza, tonse tinayankha mokweza kuposa masiku onse, anyamata aja n'kutenga nsomba zawo kumapita.

Vuto linatsala kwa apongozi aamuna. Poti ananena pagulu kuti ndi lawo, ankayenera kumaoneka nalo. Lamulungu lotsatira analivala kutchalitchi. Popita kutsogolo kukapereka chopereka, khwacha khwacha inamveka kuposa kwaya, ndipo abusa anadikira kuti akhale pansi asanapitirize. Potuluka anali atafota ngati bonongwe wa dzulo. Koma chodabwitsa n'chakuti anayamba kulikonda. Anthu ankawapatsa njira, ana ankawatsatira, ndipo kumowa ankawapempha kuti awathire madzi pabondo kuti aone akugubuduka. Anavala mpaka nyengo yotentha ya chaka chotsatira, pamene anakomoka pamaliro a munthu wina n'kutsala pang'ono kuwonjezera ntchito kwa adzukulu. Apongozi aakazi ndiwo anawavula, ndipo sanawabwezerenso.

Za misundu, apongozi anabwerera ku njira ya amayi awo. Ankasinja nsatsi, n'kutenga mafuta ake kusakaniza ndi fodya wopera ndi phulusa, n'kupaka miyendo yonse tisanalowe m'dambo. Fungo lake linkathamangitsa ngakhale amuna athu, ndipo misundu youma mutu, umodzi kapena iwiri, inkapezabe polumira, apongozi n'kulumpha monga kale. Koma ukasamba ndi sopo zonse zinkathera pomwepo, ndipo panalibe chokakwirira kuchulu.

Bulukulo pomalizira tinalipezera ntchito yopanda mlandu. Tinkamanga miyendo, mwendo wina n'kuthiramo mbewu ya mapira, wina ya mchewere, n'kulipachika pamtengo madzi akasefukira. Mbewu sinkanyowa ndipo anankafumbwe sankalowa. Apongozi onse awiri anamwalira, amuna anga anapuma ntchito, lamulo la zovala linatha, nyumba ija inagwa tinamanga ina, koma buluku linali lomwe lija, kungoti chikasu chinazilala pang'ono.

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anaphunzira za madzi, ndipo amagwira ntchito yoyeza madzi akumwa mumzinda. Atabwera kudzationa chaka china, anandipeza ndikukhuthula mtedza kuchokera m'mwendo wa bulukulo kuti ndimukazingire. Anandilanda, nalitembenuza, nathirapo madzi, n'kuona akugubudukabe. Nkhope yake inasintha. Anandiuza kuti zovala zotere kale ankazipaka mankhwala okaniza madzi ndi mafuta, omangana molimba moti tizilombo ta m'nthaka timene timawoletsa zinthu sitipeza poyambira. Akuti mankhwalawo amachoka pang'onopang'ono n'kulowa m'madzi, m'nsomba, ngakhale m'magazi a munthu, n'kukhala momwemo zaka zambirimbiri, ndipo n'chifukwa chake akatswiri tsopano akusakasaka ena ogwira ntchito yomweyo koma otha kuwola, ena opangidwa kuchokera ku phula ndi mafuta a zomera.

Ndinamufunsa ngati atsopanowo amaletsa misundu. Anati sakudziwa, koma ndisadzasungirenso chakudya m'menemo, ndipo mtedza uja anakautaya kudzala, ine mtima ukuwawa.

“Nanga ndilitani?” ndinafunsa.

“Ndipatseni, amayi. Zinthu zotere zili ndi katayidwe kake. Ndikafunsa kuntchito.”

Analipinda bwinobwino, naliika m'chikwama, n'kukwera nalo minibasi. Chaka chatha nditapita kwawo kukaona mdzukulu, ndinagona m'chipinda cha alendo, ndipo m'mawa ndikufuna poika mpango wanga ndinaona katoni pamwamba pa kabati, kansonga kachikasu kakusuzumira pakona. Pa kadzutsa ndinamufunsa. Anati akufunsabe.